Nsanja Imene Inamira ku Norway

Pa 23 Ogasiti 1991, nsanja yaikulu ya konkire yotchedwa Sleipner A inamira m'madzi a Gandsfjord, kufupi ndi mzinda wa Stavanger ku Norway. Nsanjayi inamangidwa kuti ikagwire ntchito yopopa gasi m'nyanja ya North Sea, ndipo tsikulo anali kuiyesa poitsitsa m'madzi pang'onopang'ono. Khoma lina la m'kati linang'aluka, madzi naloŵa mwamphamvu kotero kuti mapampu analephera kuwatulutsa. Sipanafe munthu, koma chuma cha madola pafupifupi 700 miliyoni chinaonongeka.

Chodabwitsa nchakuti nsanjayo inali itayesedwa kale pa kompyuta. Mainjiniya asanamange mlatho, damu kapena ndege, amayamba ajambula chifaniziro chake m'kompyuta, nachigaŵa m'tizigawo zikwizikwi tolumikizana ngati maso a ukonde, ndipo kompyuta imaŵerengera katundu amene kachigawo kalikonse kadzasenze. Pa Sleipner anagwiritsa ntchito pulogalamu yotchuka ya NASTRAN, imene bungwe la NASA ku America linayambitsa m'zaka za m'ma 1960.

Ofufuza anapeza kuti vuto silinali pa pulogalamuyo ayi. Tizigawo tinadulidwa mosayenera pamalo pamene makoma amakumana, ndipo mphamvu yokankha makomawo inaŵerengedwa mopereŵera ndi 47 pa 100. Makoma anamangidwa opyapyala, zitsulo zake zili zosakwanira. Kompyuta inayankha mokhulupirika funso limene linafunsidwa molakwika.

Luso lodziŵa pamene payenera kudulidwa mwatsatanetsatane, ndi lokayikira yankho looneka bwino, sililembedwa m'pulogalamu. Limakhala m'mitu ya akatswiri okhwima pa ntchito, ndipo iwo akapuma kapena kumwalira, limapita nawo. Akatswiriwo anali ataliona kale vuto limeneli. Kuyambira 1971 ogwiritsa ntchito NASTRAN ankasonkhana kuti auzane zimene akumana nazo, ndipo zokambirana zawo zinkasindikizidwa. Ku Britain, m'chaka cha 1983, kunakhazikitsidwa bungwe la NAFEMS ku East Kilbride, Scotland. Bungweli linasindikiza masamu oyesera amene mayankho ake ndi odziŵika kale, kuti injiniya ayambe wayesa pulogalamu yake, ndi luso lake lomwe, asanakhulupirire zimene kompyuta ikumuuza. Mphunzitsi aliyense wa masamu angaizindikire njira imeneyi.

Ngozi ya ku Norway nayonso siinabisidwe. Zimene ofufuza anapeza zinalembedwa poyera, ndipo ophunzira zaumisiri m'maiko ambiri amaziŵerenga. Pokonza nsanja ina yoloŵa m'malo mwa yomirayo, mainjiniya anabwereranso ku masamu a pamanja, a pepala ndi pensulo, amene achikulire anali asanaiŵale. Makoma anawonjezeredwa zitsulo, ndipo gasi wa ku Sleipner anayamba kutumizidwa ku Belgium mu Okutobala 1993.