Netiweki ya pachulu: kodi busita ndi yankho?

M'midzi yambiri ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ngakhale mwana amadziwa malo amene foni "imagwira". Pena ndi pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pena ndi pamtengo wa mango, pomwe foni amaikoleka m'kajumbo kudikira uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money. Ku Mponela ndi ku Madisi, m'mbali mwa msewu wa M1, timizere ta netiweki timadzadza. Koma mukangotsetserekera m'zigwa za kuseri kwa phiri la Ntchisi, timazimirira kamodzikamodzi, chifukwa phiri limatchinga mafunde ochokera pa nsanja ya kampani.

N'chifukwa chake eni magolosale, aphunzitsi ndi maejenti a ndalama za pafoni amafunsafunsa za busita. Chipangizochi chili ndi eriyo ya panja yoimika pamlongoti, kabokosi kokuza mphamvu, ndi eriyo ya m'nyumba. Chinsinsi chake n'chimodzi: busita silenga netiweki, imangokuza imene ilipo kale. Ngati padenga kapena pamsonga ya mlongoti foni sikola ngakhale kamzere kamodzi, ndalama zanu zalowa m'madzi. Choncho musanagule, kwerani padenga ndi foni ya masimu awiri, muone ngati ikugwirapo ndi TNM kapena Airtel, ndiponso mbali imene nsanjayo ili.

Chachiwiri, werengani manambala a pabokosi. Kuno makampani amagwiritsa ntchito kwambiri mafunde a 900, 1800 ndi 2100 MHz, ndipo a 900 ndiwo amafika patali kumudzi. Busita yopangidwira America, ya 850 ndi 1900, kuno ndi chidole chabe. Busita ikakhala yolandira mafunde angapo a kuno, imathandiza makampani onse awiri, ngakhalenso m'bale wochokera ku Johannesburg amene simu yake ya Vodacom kapena MTN ikuyendera pa nsanja za kuno. Koma mtengo wa roaming siutsika chifukwa cha busita. Mlendoyo ndi bwino agule simu ya konkuno.

Magetsi nawo ndi nkhani. Kumene mawaya a ESCOM sanafike, pafunika sola ndi batire yoti igwire mpaka usiku. Komanso maeriyo awiri aja azitalikirana, apo ayi amayamba kumvana okhaokha ngati maikolofoni yoyandikira sipika, ndipo zimenezi zimasokoneza netiweki ya mudzi wonse. N'chifukwa chake zipangizo zotere zimayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la MACRA. Funsani kaye kumeneko ndi ku kampani yanu.

Komabe busita imathandiza khomo limodzi, pamene nsanja imathandiza dera lonse. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund loti lifikitse netiweki kumadera osiyidwa. Mafumu, makhansala ndi aphungu a Dowa ndi Ntchisi agogode pakhomo limenelo, kuti mayi wodwala usiku asadikire munthu wothamangira pachulu kukaitana ambulansi.