Gitala ya Magetsi ndi Nthambo Zazitali

Omvera amene anaonererapo oimba pa bwalo lalikulu mwina anazindikira kuti gitala imene inkalira mokoma m'nyumba yokonzekerera, pa bwalo imamveka ngati yafunditsidwa bulangeti. Kawirikawiri mlandu umagwera chokuzira mawu kapena mwini gitala, chonsecho gwero la vutoli ndi nthambo yaitali yolumikiza ziwirizi.

Pansi pa nsambo za gitala ya magetsi pali kachipangizo kotchedwa pickup. Mkati mwake muli maginito ozengedwa ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi, ndipo pa magitala a Fender wayayo amazungulira maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo ikanjenjemera, mu waya uja mumabadwa magetsi, koma ndi ofooka kwambiri, nthawi zambiri osafika ndi volt imodzi yomwe.

Tsono nthambo si njira chabe yodutsamo magetsi. Waya wa pakati ndi ukonde wa mkuwa umene umamukuta zimasunga magetsi pang'ono pakati pawo, monga muja mtsuko watsopano umayamba wamwa madzi usanawasunge. Amisiri amayeza kusungaku m'mapicofarad, ndipo nthambo wamba imasunga pafupifupi 100 pa mita iliyonse. Pa kunjenjemera kulikonse kwa nsambo, pickup iyenera kudzaza nthambo ija ndi kuikhuthula. Mawu a besi amanjenjemera mosafulumira, choncho mpata wochita zimenezi umapezeka. Mawu okwera, amene amapatsa gitala kuthwa kwake, amanjenjemera maulendo zikwi zingapo pa sekondi imodzi, ndipo pickup yofookayo siingathe kuthamanga nawo. Mawu ameneŵa ndiwo amathera m'njira. Nthambo ikapitirira mamita 6, khutu lozoloŵera limayamba kumva kusiyana. Ikafika mamita 15, aliyense amamva. Woimba akachepetsako mawu pa kokhetemula ka pa gitala, kutayikako kumakula.

Vuto lachiŵiri ndi phokoso. Nthambo yaitali imatola kung'ung'uza kwa magetsi a m'nyumba, amene m'Malaŵi amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo chokuzira mawu chimakuza nyimbo ndi phokosolo pamodzi.

Kugula nthambo yokwera mtengo kumathandiza pang'ono chabe. Mankhwala enieni ndi kupatsa mawu mphamvu asanayambe ulendo. Kabokosi kotchedwa buffer, koikidwa pafupi ndi woimba pa nthambo ya mamita aŵiri kapena atatu, sikakweza mawu ayi, koma kamatenga mphamvu ku batire ndi kudzaza nthambo yaitali ija mosavuta m'malo mwa pickup. Magitala ena ali nako m'mimba mwawo: ma pickup a EMG, kampani ya ku California, amayendera batire ya ma volt 9. Les Paul, woimba wa ku America, ankalimbikira maganizo ofanana ndi ameneŵa, ndipo mu 1971 kampani ya Gibson inatulutsa gitala yotchedwa Les Paul Recording, imene ma pickup ake anapangidwa kuti mawu asamatayike pa nthambo zazitali. Oimba ambiri sanaikonde. Anali atazoloŵera kalilidwe kakale.

Ulendo ukakhala wa mamita 30 kapena kuposa, monga kuchokera pa nsanja kukafika kwa wosakaniza mawu, amisiri amagwiritsa ntchito DI box. Bokosili limasintha mawu kuti ayende pa nthambo ya maikolofoni, imene ili ndi mawaya aŵiri opotana mkati mwa ukonde. Phokoso limaloŵa mofanana m'mawaya onse aŵiri, ndipo kumapeto chipangizo chimangoŵerenga kusiyana kwa mawayawo, phokoso lija n'kufafanizika. Nzeru imeneyi inachokera kwa amisiri a lamya, ndipo m'zaka za m'ma 1960 studio ya Motown ku Detroit inkajambula magitala ndi besi mwachindunji motero.

Komabe si oimba onse amene amadana ndi kutayika kwa mawu okwera. Jimi Hendrix ankaimba ndi nthambo zopiringizika ngati za lamya, zimene zimasunga magetsi ambiri, ndipo zinkafeŵetsa kuthwa kwa Stratocaster yake. Albert Collins, katswiri wa nyimbo za blues wa ku Texas, ankalumikiza Telecaster yake ndi nthambo ya mamita 30 kapena kuposa, n'kutsika pa nsanja, kudutsa pakati pa anthu, nthaŵi zina mpaka kutulukira pa msewu gitala ikulirabe m'holo.