Opaleshoni Yokonza Mphuno: Kuchipatala Kapena Kuofesi ya Dokotala?

Ku America, munthu wofuna kusintha maonekedwe a mphuno yake amasankha pakati pa malo awiri: chipatala chachikulu, kapena chipinda cha opaleshoni chimene dokotala anakonza pa ofesi yake. Ambiri amakopeka ndi kuofesi chifukwa mtengo umatsikako, poti makampani a inshuwalansi salipira opaleshoni yongokongoletsa thupi. Kumeneko kulinso chinsinsi, ndipo tsiku lako silisinthidwa chifukwa choti kwabwera wovulala pangozi. Komabe dzina la nyumba siliteteza moyo. Choteteza moyo ndi thanzi la wodwalayo, luso la womugonetsa, komanso zimene zakonzedweratu zinthu zikati zavuta.

Opaleshoniyi imatenga maola awiri kapena atatu, ndipo ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo, n'chifukwa chake ena amaiona ngati yaing'ono. Koma mphuno ndi khomo la mpweya. Dokotala akamacheka, magazi amatsikira kukhosi, ndipo akafika pakholingo likhoza kutsekeka mwadzidzidzi. Pachifukwa ichi madokotala ambiri amamugonetseratu munthu n'kumulowetsa kachubu kopumira. Mankhwala ogonetsawo nawonso ali ndi zoopsa zake. Pali vuto lina loyendera m'magazi a kubanja, lotchedwa malignant hyperthermia, limene limaumitsa minofu n'kutenthetsa thupi kwambiri, ndipo mankhwala ake, dantrolene, amafunika kuperekedwa nthawi yomweyo. Ngozi yaikulu siili pa mpeni ayi, ili pa kupuma ndi pa mtima, choncho payenera kukhala katswiri amene ntchito yake ndi yoyang'anira zimenezi basi.

Zimene zinachitika ku America zikuchitira umboni. Mu 2000, anthu angapo atamwalira m'maofesi a madokotala ku Florida, bungwe loyang'anira madokotala kumeneko linaimitsa kwa masiku 90 maopaleshoni ogonetseratu munthu m'maofesi. Ku New York, kuyambira mu 2009 lamulo limakakamiza ofesi yochita maopaleshoni otere kukhala ndi chiphaso cha bungwe loyendera zipatala, monga Joint Commission kapena AAAHC. Akuluakuluwa sanatseke maofesi mpaka kalekale, anangolamula kuti aziyenderedwa. Izi zikusonyeza kuti vuto silinali ofesiyo, koma kusowa woyang'anira.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, aliyense angopita kuchipatala, kumene kuli magazi, chipinda cha odwala mwakayakaya ndi madokotala a mtima. Mfundoyi ili ndi nzeru, koma kwa munthu wathanzi amene akungochepetsa kafupa kotumphuka pamphuno, ofesi yovomerezeka imene antchito ake amagwira ntchito yomweyi tsiku ndi tsiku ndi yokwanira. Chipatala sichisandutsa dokotala wosadziwa kukhala katswiri. Koma kwa ena palibenso zokambirana. Wodwala mtima, wa shuga kapena kuthamanga kwa magazi kosagonja ku mankhwala, amene amabanika akagona, amene magazi ake amachedwa kuundana, kapena amene wachibale wake anavutikapo ndi mankhwala ogonetsa, malo ake ndi kuchipatala. Chimodzimodzinso amene mphuno yake ikukonzedwa kachiwiri ndi kafupa kofewa kochokera kunthiti, chifukwa mpeni umadutsa pafupi ndi mapapo. Winanso angadandaule kuti chipatala chimadula. N'zoona, koma ndalama zopulumutsidwa pochotsa katswiri wogonetsa kapena zida zotsitsimutsira munthu si phindu, ndi kuika moyo pachiswe chifukwa cha opaleshoni imene ikanatha kudikira.

Safunsa anadya phula. Musanalipire kalikonse, kaya ndi ku New York, Johannesburg kapena Istanbul, funsani amene adzakugonetseni ndi maphunziro ake, ndipo pemphani kuona chiphaso cha malowo. Funsani ngati dokotalayo amaloledwa kuchita opaleshoni yomweyi m'chipatala chodziwika, chifukwa chilolezocho chimasonyeza kuti madokotala anzake anamuunika. Funsaninso chipatala chimene angakuthamangitsireni zitavuta, ndi kutalika kwake. Dokotala woona amayankha mafunsowa mosanyinyirika. Akayamba kuzemba kapena kukufulumizitsani, nyamukani mukafune wina.