CHINYEZI NDI KUTENTHA: ADANI A MAKALATA ATHU

Kwathu ndi ku Mbayani, mu mzinda wa Blantyre, kumene nyumba n'zothithikana ndipo madzi a mvula amadutsa pakhomo penipeni. M'mwezi wa Marichi 1923 sikunali zimenezi, amatero agogo, koma mu Marichi 2023, ine ndili Sitandade 8, namondwe wa Freddy adagwetsa mvula masiku angapo osakata. Anzathu a ku Chilobwe adataya abale ndi nyumba. Ife Mulungu adatisunga: nyumba sidagwe, madzi sadalowe, khoma lokha ndi simenti ya pansi ndi zimene zidanyowa.

Patapita milungu itatu ndidafuna khadi langa la ubatizo kuti ndiperekere limodzi ndi kalata yofunsira malo ku seminale. Mayi adasolola katoni kunsi kwa bedi, namasula jumbo m'mene ankasungamo makalata onse a banja. Fungo lokha lidatiuza kuti zinthu sizili bwino. Mapepala adali atamatana ndi kuchita chuku, inki itayenderera, ndipo pa khadi langa dzina silinkawerengeka. Mayi adangoti, "Mwananga, madzi akatayika saoleka."

M'mawa mwake tidapita ku ofesi ya parishi. Bambo Mfumu adatsegula kabati yachitsulo, natulutsa kaundula wa ubatizo wa chaka chimene ndidabadwa. Dzina langa lidalimo, loyera bwino, pamodzi ndi maina a makolo anga ndi ondiimirira. Adandilembera khadi lina tsiku lomwelo. Panjira ndinkadzifunsa: bukulo likadasungidwa monga tidasungira khadi lija, ndikadakhala kuti lero?

Kusunga mabuku otere si nkhani ya dzulo. Msonkhano wa ku Trent udalamula mu 1563 kuti ansembe azilemba m'kaundula maina a obatizidwa ndi a omanga ukwati. M'buku la Malamulo a Mpingo la 1983, lamulo 535 limati parishi iliyonse ikhale ndi kaundula wa ubatizo, wa maukwati ndi wa omwalira, ndipo mabuku akale asamalidwe bwino. M'kaundula wa ubatizo ndi m'menenso amalembamo munthu akalandira ulimbitso, ukwati kapena unsembe. Choncho mzere umodzi uja umasenza mbiri yonse ya mkhristu. Nanga tiuteteza bwanji?

Choyamba tidziwe mdani wamkulu, chinyezi. Pepala limapangidwa ndi ulusi wa mitengo, ndipo limamwa madzi a mumpweya monga umachitira mchere nthawi ya dzinja. Silichita kudikira kuti mvula ilidonthere ai. Akatswiri osunga zolembedwa amati chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, chuku chimayamba kumera. Iwo amafuna kuti chizikhala pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Kuno ku Blantyre chinyezi chimakwera kuyambira Novembala mpaka Epulo, n'kudzabweranso ndi chiperoni mu Juni ndi Julaye. Pamene pali chinyezi, chiswe ndi mphemvu sizichedwa kufika.

Mdani wachiwiri ndi kutentha. Mapepala ena ali ndi asidi amene amawadya pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumizitsa ntchito imeneyi. Ikani nyuzipepala pa windo mwezi wa Okutobala, muona ikufiira ndi kuuma ngati tsamba la fodya. Akatswiri aja amati chipinda chosungira mapepala chisamapitirire madigiri 20. Choipa china ndi kusinthasintha. Pansi pa denga la malata masana kumatentha, usiku kumazizira mpaka malata kuchita thukuta n'kumadontha. Pepala limatupa ndi kufota tsiku ndi tsiku, kenaka limapindika, ulimbo wa chikuto n'kulekana.

Maparishi athu alibe makina oziziritsira zipinda, komabe zambiri zotetezera sizilira ndalama. Pa tchuthi ndakhala ndikuthandiza mu ofesi ya parishi, ndipo izi ndi zimene ndaphunzira.

Mabuku asakhale pansi. Simenti imatulutsa chinyontho ngakhale ikuoneka youma, choncho shelefu yapansi italikire masentimita 15 kapena kuposerapo. Kabati isagunde khoma, makamaka khoma loyang'ana kunja; pakhale mpata wolowa dzanja kuti mpweya uzidutsa. Mabuku asakhalenso pamwamba pafupi ndi malata, pa windo pofika dzuwa, kapena pafupi ndi paipi ya madzi. Chipinda chabwino ndi cha pakati pa nyumba, chokhala ndi siling'i.

Tsiku lopanda mvula tsegulani mawindo ndi kabati yomwe kuti mphepo ipite. Tsiku la chiperoni tsekani. Musamange mapepala mu jumbo kwa miyezi monga tidachitira ife, chifukwa pulasitiki imatsekera chinyezi m'kati. Jumbo ndi yonyamulira pa mvula basi. Chotsaninso mapini ndi timawaya tomangira mapepala, pakuti timachita dzimbiri n'kuboola pepala, ndipo musamate pong'ambika ndi selotepi. Polemba m'kaundula musagwiritse ntchito cholembera chimene inki yake imasungunuka ndi madzi. M'chipinda chosungira mabuku asadyeremo munthu, chifukwa nyenyeswa zimaitana makoswe ndi mphemvu.

Koposa zonse, muziyang'ana. Kamodzi pa mwezi tsegulani mabuku, nunkhizani, onani kumbuyo kwa kabati ngati chiswe chamanga njira. Mvula isanayambe, denga likonzedwe ndi ngalande zigwebulidwe.

Nanga mapepala akanyowa? Chuku chimatha kuyamba pasanathe masiku awiri, choncho musazengereze. Musawayanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Ayaleni pa tebulo pamthunzi podutsa mphepo. Buku liimikeni motsegula pang'ono, kapena ikani mapepala oyera ouma pakati pa masamba ake n'kumawasintha. Masamba omatana musawakakamize kulekana, angang'ambike. Ngati chuku chamera kale, phimbani mphuno, ndipo likauma lipukuteni panja ndi kaburashi kofewa. Zikavuta, a National Archives of Malawi ku Zomba ndi amene ntchito yao ndi yomweyi.

Kujambula masamba ndi kusunga m'kompyuta n'kothandiza, makamaka ngati zojambulazo zili pa malo ena, osati m'chipinda chomwecho. Koma zimenezi zichitike ndi chilolezo cha Bambo Mfumu, popeza m'kaundula muli zinsinsi za mabanja. Ndipo buku lenileni lisanyozedwe, chifukwa kompyuta nayo imafa.

Makolo athu, pitani mukasuzumire kunsi kwa bedi lero lomwe. Makadi a ubatizo, satifiketi za sukulu ndi makalata a malo muwaike mu envulopu ya pepala, m'sutikesi, pamalo okwera ndi ouma. Ndipo ife anzanga a pa seminale, ena mwa ife Mulungu akalola tidzapatsidwa makiyi a kabati ngati ija. Tsiku lina kudzabwera mwana ndi mayi ake, khadi litaonongeka, akufuna dzina lake. Tidzalipeze likuwerengeka.