Tayala kulowa pa limu sikuti lagwira

Pa 14 Julaye 2003, anthu omwe ankaonera mpikisano wa njinga wa Tour de France pa kanema anaona ngozi yomwe ikukambidwabe mpaka lero. Kutatsala makilomita ochepa kuti opalasa alowe m'tauni ya Gap, Joseba Beloki wa ku Spain ankatsika phiri pa liwiro la mtondo wadooka, Lance Armstrong ali pambuyo pake penipeni. Kunja kunatentha moti phula la pamsewu linayamba kusungunuka. Beloki atagwira mabuleki poyandikira kona, wilo lakumbuyo linaterereka n'kupingasa, kenaka tayala linavuka pa limu. Anagwa n'kuthyoka fupa la ntchafu, chigongono ndi polumikizira dzanja. Tsiku limenelo anali wachiwiri pa mpikisano wonse, koma kuchokera pamenepo sanapalasenso monga ankachitira kale.

Tayala limenelo silinali la mtundu womwe tinauzolowera. La pa njinga ya kabaza ndi lotseguka kunsi, ndipo m'milomo mwake muli waya. Chubu chimalowa pachokha, ndipo mukapopa, mpweya umakankhira milomo ija ku makoma a limu, basi lagwira. Limeneli amalitcha clincher. La Beloki linali tubular. Popanga tayala lotere, chubu amachiika mkati mwa nsalu ya tayala n'kusokerera ndi ulusi, pamsokopo n'kumatapo kansalu ka thonje. Limatuluka lobulungira, lopanda pakamwa. Limu yake ilibe makoma, ilibenso pokola waya. Ili ndi kangalande kosazama komwe tayala limakhazikika, ndipo chogwira ziwirizi pamodzi ndi guluu.

Kumata tayala si nzeru yatsopano. John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Scotland yemwe ankakhala ku Belfast, atalembetsa tayala lake lopopa mu 1888, ankachita kulimata ndi kulikulunga pa wilo, moti likaphwa inali ntchito yotayitsa nthawi. Mu 1891 a Michelin, pachibale pawo André ndi Édouard, anatulutsa tayala lotheka kuchotsa, ndipo Charles Terront anapambana nalo mpikisano wochoka ku Paris kupita ku Brest n'kubwerera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200. Njinga za anthu wamba zinatsata njira ya matayala ochotseka. Akatswiri a mpikisano okha anakakamira lomata kwa zaka zambirimbiri, ndipo anali ndi zifukwa zomveka: limu yopanda makoma ndi yopepuka, chubu sichilumidwa kawirikawiri ndi limu ukagunda mwala, komanso tayala likaphwa limakhalabe pomwepo, munthu n'kumapalasa pang'onopang'ono kudikira wilo lina.

Opalasa njinga za m'mapiri, zomwe ambiri timangoti mountain bike, nawonso anakopeka. Iwo amafuna tayala lonenepa lokhala ndi mpweya wochepa, wosafika 2 bar, kuti lizigwira bwino pa miyala ndi mizu. Nino Schurter wa ku Switzerland anatenga mendulo ya siliva pa Olympics ya ku London mu 2012 ali pa matayala omata a Dugast. Choncho makampani anapanga malimu a tubular a njinga za m'mapiri. Masiku ano akatswiri ambiri anasamukira ku matayala opanda chubu, othiramo timadzi totseka zibowo, ndipo mawilo omata aja akugulitsidwa motchipa ngati katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Apa ndi pomwe funso limabadwa. Munthu wapeza wilo lopepuka, lolimba, la mtengo wabwino, koma njinga yake ndi ya pamsewu, ya timatayala toonda. Kodi angamate tayala la pamsewu pa limu ya m'mapiri?

Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti nthawi zina tayalalo limalowadi. Yang'anani m'mbali mwa tayala lililonse, mupeza manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 25-622 kapena 54-559. Kalembedwe aka n'ka bungwe la ETRTO, lomwe limayang'anira miyeso ya matayala ndi malimu ku Ulaya. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kukula kwa limu pomwe tayala limakhala. Njinga ya mpikisano wa pamsewu, yomwe wilo lake amaliti 700C, ili pa 622. Mountain bike yakale ya mainchesi 26 ili pa 559, ya 27.5 ili pa 584, koma ya 29 ili pa 622, chimodzimodzi ndi ya pamsewu. Dzina loti 29 limangonena kuti tayala lake ndi lonenepa moti wilo lonse limaoneka lalikulu. Malimu omata amatsatanso mabanja omwewa. Pa limu ya 26 kapena 27.5 tayala la pamsewu limangokhwepa, nkhani imathera pomwepo. Pa ya 29 limakwana bwinobwino, ndipo ngozi yagona pa kukwanako.

Kangalande ka limu ya tubular kamapindidwa molingana ndi mimba ya tayala lomwe analipangira. Tayala la m'mapiri limanenepa mamilimita 45 mpaka 50 kapena kuposerapo, choncho limu yake ndi yotambalala, kangalande kake n'kophwatalala. La pamsewu limanenepa mamilimita 23 kapena 25, mimba yake ndi yopindika kwambiri. Ikani dzira pa supuni, limakhazikika ndipo supuni imalikumbatira. Liikeni pa mbale, likhudza malo amodzi okha, ndipo mukapendeketsa pang'ono lagubuduka. Tayala loonda pa limu yotambalala lili ngati dzira la pa mbale lija: limakhudza pakatikati pokha, pomwenso pali zibowo za masipoko ndi kamtunda ka msoko, pamene m'mphepete monse muli mpata. Tsono m'mphepetemo ndi momwe guluu amagwirira ntchito yaikulu, chifukwa tayala likamavuka limayamba kusupuka kumbali. Kudzaza mpatawo ndi guluu wambiri sikuthandiza. Guluu wa matayala amalimba akakhala wopyapyala pakati pa zinthu ziwiri zokanikizana. Akakhala chibuma amangotamuka. Palinso vuto lina: kansalu ka pamimba pa tayala loonda n'kakang'ono, ndiye pa limu yaikulu guluu wa m'mphepete amakumana ndi nthiti za tayala, malo omwe sanapangidwire kumatidwa.

Pa msewu woongoka zonsezi sizioneka. Kulemera kwa munthu kumakanikizira tayala mu kangalande, ndiponso tubular ikapopedwa imadzifinya pa limu chifukwa ulusi wa nsalu yake unalukidwa mopingasa. Munthu akhoza kuyenda milungu osamva kanthu. Zimaululika pa kona. Njinga ikapendekeka, msewu umakokera tayala mbali ina pamene limu ikukankhira kwina, ndipo liwiro likawirikiza kawiri pa kona yomweyo, mphamvu yokankhira kumbali imawirikiza kanayi. Tayala likavuka, limu yosalala imakhudza phula, kapena tayalalo limakodwa mu foloko wilo n'kuima nthawi yomweyo. Likakhala lakutsogolo, munthu sapeza mpata woponda pansi. Amagwera phewa ndi mutu, n'chifukwa chake kuthyoka fupa la paphewa kuli kofala pakati pa opalasa, ndipo wopanda helemeti akhoza kuvulala ubongo.

Ena amaopa kuti mpweya wa tayala la pamsewu, womwe umafika 6 mpaka 8 bar, ung'amba limu yomwe inazolowera 2 bar. Apa mantha ndi ochulukirapo kuposa vuto. Pa clincher mpweya umakankhadi makoma a limu, n'chifukwa chake malimu amakono opanda kamlomo kokolera tayala saloledwa kupitirira 5 bar. Pa tubular mpweya wonse umasungidwa ndi nsalu yosokedwa ija, limu imangomva kufinyidwa. Komabe wopanga limu aliyense amalemba malire ake, ndipo ndi oyenera kuwalemekeza, makamaka pa malimu opyapyala a carbon.

Pa nkhani ya kutentha, limu ya m'mapiri ili ndi mwayi umodzi. Guluu amafewa akatenthedwa, ndipo pa njinga yomwe mabuleki ake amagwira pa limu, mtsetse wautali umatenthetsa limuyo mpaka osakhudzika ndi chala. Malimu ambiri a 29 anapangidwira mabuleki a disc, omwe kutentha kwake kumathera pa kachitsulo ka pakati pa wilo, kutali ndi guluu. Koma mwayi womwewo ndi msampha kwa mwini njinga ya mabuleki akale, pakuti limu ya disc ilibe khoma logwirapo marabala a buleki. Habu nayonso siyingolowa: kumbuyo kwa njinga ya pamsewu ya mabuleki a pa limu kumatambalala mamilimita 130, pamene mahabu a m'mapiri ndi a 135, 142 kapena 148. Kutanula felemu ndi manja kuti wilo lilowe n'kuononga njinga. Ndipo ngakhale zonsezi zitatheka, limu yoposa tayala m'lifupi imasiya milomo yake pamtunda. Dzenje loyamba la pamsewu ndi limu yomwe imalilandira, ndipo carbon sapindika ngati chitsulo choti mmisiri n'kuongola, amangosweka.

Kulakwa koopsa kuposa konse ndi kuika tayala wamba la waya, ndi chubu chake, pa limu ya tubular. Palibe chokola milomo ya tayala, ndipo limathawa mukadali kupopa kapena mutangokwera. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa njinga zakaunjika zochokera kunja zadzaza m'misika mwathu, ndipo limu yachilendo ikhoza kugwera m'manja mwa mmisiri waluso ndithu koma yemwe sanaionepo. Chizindikiro chake n'chapafupi: pamwamba pake ndi posalala, pali kangalande kosazama ndi zipsera za guluu wouma. Chisokonezo cha manambala nachonso chili pakhomo pathu. Njinga zakuda zonyamula katundu, za tayala la 28 x 1½, limu yake ndi 635. Matayala ambiri a ku Ulaya olembedwanso 28 ndi a 622. Kusiyana kwa mamilimita 13 kumeneku ndiko kumachititsa kuti tayala lina likane kulowa ngakhale mutathyola masupuni, lina lizingovuka lokha, chubu n'kuphulika. Pogula tayala, nambala ya mamilimita ndiyo yoona, ya mainchesi imanamiza.

Tsono yankho langa kwa mwini limu ya 29 ndi lakuti tayala la mamilimita 23 kapena 25 alisiye. Ngati limuyo si yotambalala kwambiri, matayala omata a mpikisano wa cyclocross, omwe malamulo a bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga la UCI amawalola kufika mamilimita 33, ndiwo amayandikira kupindika kwake, bola felemu ikhale ndi malo. Ngakhale pamenepo, ayambe waliyesa popanda guluu. Aliveke pa limu youma, alipope, aunike ndi tochi mbali zonse ziwiri kuzungulira wilo lonse. Kansalu ka pamimba kayenera kukhudza limu kuchokera mphepete ina kufika inzake. Pakaoneka mpata wolowa chikhadabo, ziwirizo sizoyenerana.

Zikayenerana, kumata kwake sikufuna phuma, ndipo soloshoni womatira zigamba pa chubu sagwira ntchito imeneyi. Pali guluu wake wa malimu. Amapakidwa mopyapyala kawiri kapena katatu pa limu, ulendo uliwonse n'kusiyidwa kuti aume usiku wonse, ndiponso pa kansalu ka tayala. Womaliza amapakidwa tayala likamavekedwa, kenaka liongoledwe kuti likhale pakati, lipopedwe mokwanira, ligone maola 24 lisanakweredwe. Guluu amakalamba, choncho miyezi ikapita mpweya uchotsedwe, tayala likankhidwe kumbali ndi zala zazikulu ziwiri malo ndi malo. Likasuntha, kapena guluu akamathetheka ngati wouma, wilolo lisapite pamsewu. Tayala lichotsedwe, guluu wakale apalidwe, ntchito iyambirenso.