Mwana Akamangojambula, Musathamangire Kubisa Pensulo

M'nyumba zambiri za Amalawi kuno ku North York muli mwana mmodzi amene makope ake a masamu adadzaza ndi nkhope za anthu a maso akuluakulu, tsitsi losongoka ndi malupanga aatali kuposa eni ake. Makolofe tikaona zimenezi mutu umaima, chifukwa sitidawoloke nyanja kuti mwana azidzajambula zidole. Timafuna namwino, injiniya, loya, apo ayi wowerengera ndalama. Koma popeza funso lakuti "kodi zojambulazi zimadyetsa munthu?" lakhala likubwerabwera m'macheza athu, mwezi uno taganiza zokuonetsani malo amodzi kumene pensulo imasanduka ndalama, komanso kumene ndalamayo imapulumuka m'manja mwa munthu akapanda kuchenjera.

Kwerani sitima ya pansi pa nthaka pa Finch kapena pa North York Centre, mutsike pa Union, kenaka muyende pang'ono kufika ku Metro Toronto Convention Centre. Kumeneko, chakumapeto kwa Ogasiti, kumachitika chionetsero cha masiku anayi chotchedwa Fan Expo Canada. Chidayamba mu 1995 ngati kamsika ka okonda mabuku a makatuni, koma lero kumafika anthu oposa 100,000. Ambiri amabwera atavala ngati anthu a m'mafilimu ndi m'mabuku omwe amawakonda, zigoba kumaso, moti wa kwathu wongofika kumene angaganize kuti wakumana ndi zilombo zochokera kudambwe.

Mukadutsa mashopu akuluakulu ndi mizere ya anthu ofuna kujambulitsa ndi akatswiri a mafilimu, mumafika pa gawo lotchedwa Artist Alley. Ndi mizere ya matebulo oyandikana, lililonse ndi mwini wake, zithunzi zili zopachika kumbuyo kwake. Amene adagulako ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ku Lilongwe sangasochere: katundu wofanana mbali zonse, ogulitsa akumwetulira, wogula akuyendetsa maso. Kusiyana kwake n'kwakuti pano wogulitsa wawerama, akujambula inu mukuona.

Mmene oda imayendera

Wojambula amagulitsa zinthu za mitundu iwiri. Pali zithunzi zomwe adajambula kale n'kusindikiza zambiri. Zimenezi amangotenga pa mulu n'kulandira ndalama. Ndiye pali chithunzi cha oda, chomwe kuno amachitcha commission. Munthu amafika n'kunena chimene akufuna: Spider-Man atanyamula mphaka wake, mkazi wake atavala ngati Wonder Woman, kapena munthu wa m'masewero a pakompyuta amene palibe wina akumudziwa kupatula mwini wakeyo. Ena amabwera ndi buku la makatuni lomwe kampani idalisindikiza dala ndi chikuto choyera, kuti wojambula alembepo chithunzi chomwe sichidzapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Mtengo umatsata kukula kwa ntchito. Mutu wokha ndi wotsika mtengo, kufika m'chiuno umakwera, thupi lonse umakweranso. Pensulo yokha ili ndi mtengo wake, inki wake, utoto wake. Munthu wachiwiri pa pepala lomwelo ndi ndalama inanso. Ojambula ozolowera amalemba mitengoyi pa kachikwangwani kuti pasakhale kunenerera, ndipo m'mawa amatsegula ndandanda ya maoda omwe angathe kumaliza tsikulo. Ikadzaza amatseka, ngakhale wina abwere ndi ndalama m'manja.

Kutseka ndandanda kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa wodziwa ndi wongoyamba. Wongoyamba sakana munthu. Amalandira maoda khumi Lachisanu, n'kuiwala kuti pamene akujambula afunikanso kupereka moni, kuyankha mafunso, kubweza chenji ndi kulondera katundu. Dzanja limanjenjemera ndi njala, inki siifufutika, ndipo mwini oda waima pompo akusuzumira. Zotsatira zake ndi kuchezera usiku wonse kunyumba, n'kufika Lamulungu maso ali psu, zithunzi zitatu zisanathe. Ngongole ya chithunzi ndi yoipa ngati ya ndalama, ndipo mbiri ya wojambula wosamaliza ntchito imayenda msanga pa intaneti.

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amagwirizana zonse pensulo isanakhudze pepala: ajambula ndani, ataima bwanji, pa pepala lalikulu bwanji, lidzatengedwa liti. Amalandiriratu ndalama yonse kapena theka, amalemba dzina ndi nambala ya foni ya mwini oda, ndipo amapempha chithunzi choonera ngati munthu wofunikayo sakumudziwa. Ali ndi ufulunso wokana. Sikuti chilichonse chimene munthu angapemphe n'choyenera kujambulidwa, ndipo ana athu aakazi makamaka ayenera kumva kwa ife kuti mawu akuti "pepani, zimenezo sindijambula" si mwano.

Masamu omwe mwana amawathawa aja

Apa ndi pamene kope la masamu lija limabwezera. Tebulo silaulere: pa zionetsero zikuluzikulu limafuna madola mazana angapo, olipiriratu miyezi ingapo tsikulo lisanafike, ndipo kulipeza n'kovuta. Kwina amachita maere, kwina amayamba aona ntchito yako. Onjezanipo mapepala olimba, zolembera za utoto zomwe zimadula, kusindikiza, timapulasitiki toikamo zithunzi, kamakina kolandirira ndalama za pakhadi, thiransipoti ndi chakudya cha masiku anayi.

Tiyerekeze kuti mwana wanu watchaja $40 pa chithunzi chomwe chimamutengera maola atatu. Ndiye kuti akulandira $13 ndi timasenti pa ola, asanachotse tebulo ndi zipangizo. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka muno mu Ontario adafika $17.60 pa ola mu Okutobala 2025. Kunena mosabisa, mnzake wogulitsa khofi pa Yonge Street akumuposa. Ambiri amene amapeza phindu amatero chifukwa cha zithunzi zosindikiza zija, zomwe amajambula kamodzi n'kugulitsa kambirimbiri, pomwe maoda ndi amene amakopa anthu kuti aime pa tebulo ndi kudzabweranso chaka chamawa. Ife Amalawi tili ndi manyazi otchula mtengo, makamaka kwa munthu amene watiyamikira. Manyazi amenewo pa tebulo ili ndi okwera mtengo kuposa inki.

Chithunzi n'cha yani?

Pali nkhani ina yomwe makolo sitiiganizira n'komwe. Spider-Man ndi wa kampani ya Marvel, Superman ndi wa DC, ndipo malamulo amateteza umwini wawo. Kawirikawiri makampaniwa amangoyang'ana kumbali wojambula akamagulitsa chithunzi chimodzichimodzi pa chionetsero, koma kuyang'ana kumbali si chilolezo. Munthu akayamba kusindikiza zambirimbiri, pa masikipa ndi makapu, angathe kulandira kalata ya maloya. Chionetsero chilichonse chili ndi malamulo ake pa zimenezi, ndipo masiku ano ena adaletsa kugulitsa zithunzi zopangidwa ndi makina a AI. Malamulowa ndi ofunika kuwawerenga tebulo lisanalipiridwe.

Mbali inayo ndi yokomera mwana wanu. Chimene wapeka yekha n'chake. Wogula amatenga pepala kupita nalo kwawo, koma ufulu wosindikiza chithunzicho umatsala ndi wojambula, pokhapokha atausainira kwa wina. Mzinda uno uli ndi phunziro lowawa pa nkhani ya kusainaku. Joe Shuster adabadwira muno mu Toronto mu 1914, mwana wa makolo obwera ngati ife, osauka moti ankajambula kuseri kwa mapepala otayidwa omatira pakhoma. Ali mwana ankagulitsa nyuzipepala ya Toronto Star, banja lisanasamukire ku Cleveland. Kumeneko iye ndi mnzake Jerry Siegel adapeka Superman, ndipo mu 1938 adagulitsa nthanoyo pamodzi ndi umwini wake wonse pa $130. Kampani idalemera, pomwe Shuster adakalamba ali wosauka, maso akufa. Mpaka mu 1975, anthu atadandaula kwambiri, m'pamene eni kampani adavomera kupatsa aliyense wa awiriwo $20,000 pa chaka ndi kubwezeretsa mayina awo pa mabuku. Mu 2024 kope limodzi lokha la buku loyamba lija lidagulidwa pa $6 miliyoni. Lero kuli msewu wotchedwa Joe Shuster Way chakumadzulo kwa tauni.

Ophunzira, tcherani khutu

Kwa ana obadwira kuno kapena okhazikika kale, nkhani ndi ya msonkho basi. Ndalama ya zojambula ndi ndalama ya bizinesi, ndipo iyenera kulembedwa pa mafomu a Canada Revenue Agency ngakhale idalandiridwa pamanja. Sungani malisiti a tebulo ndi zipangizo, chifukwa amachotsedwa pa ndalama yodulidwa msonkho. Msonkho wa HST, womwe muno ndi 13 peresenti, munthu amakakamizika kuulembetsa malonda ake akaposa $30,000 pa chaka.

Kwa inu amene muli pa chiphaso cha sukulu, nkhaniyi ndi yolemera. Kuyambira Novembala 2024, wophunzira wochokera kunja amaloledwa kugwira ntchito kunja kwa sukulu maola osaposa 24 pa sabata pamene maphunziro ali mkati, ndipo ntchito yodzilemba wekha imawerengedwanso. Ngati muli kale ndi ganyu wa maola 20 m'sitolo, masiku atatu pa tebulo akudumphitsani malire. Fan Expo imagwa nthawi yomwe ambiri ali pa tchuthi, koma Toronto Comicon imachitika mu Marichi, sukulu ili pakati. Chiphaso chomwe abale adachigulitsira ng'ombe sichoyenera kutayika chifukwa cha chithunzi cha Batman. Ndipo mlendo amene wabwera kudzacheza saloledwa kugwira ntchito popanda chilolezo, ngakhale akhale ndi luso lotani.

Nanga zathu zili kuti?

Tisamayese ngati lusoli ndi lachilendo kwa ife. Akuluakulu a pakati pathu adakula akuseka Joza wa Vic Kasinja ndi Pewani wa Brian Hara m'manyuzipepala a kwathu. Pa malo aliwonse a malonda pali munthu amene amajambula mitu pa khoma la ometa ndi nkhuku pa khoma la lesitilanti, ndipo iyeyo naye amagwira ntchito ya oda. Ku Mua, malo a zaluso a Kungoni adayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera kuno ku Canada, amene adaona chuma m'manja mwa osema ndi ojambula athu.

Komatu mungayende mizere yonse ya Artist Alley osakumana ndi Kalulu, Napolo, kapena mtsikana wovala chitenje atakwera kabaza. Aliyense akujambula anthu omwewo a ku America ndi ku Japan, ndipo akulimbirana makasitomala omwewo. Ife tikuona kuti mpata wa ana athu uli pomwepo, poti Kalulu alibe loya. Obwera ena adadutsa kale njirayi: Francis Manapul, wobadwira ku Philippines n'kukulira muno mu Toronto, adafika pojambula ndi kulemba nawo The Flash ku DC mu 2011. Toronto Comic Arts Festival, yomwe idayamba mu 2003, imalemekeza makamaka anthu opeka nthano zawozawo.

Sitikunena kuti mwana asiye sukulu. Ojambula ambiri a pa matebulowa ali ndi ntchito ina ya pa sabata, kapena amadutsira pano pofuna kuonedwa ndi makampani a mabuku, mafilimu ndi masewero a pakompyuta. Wofuna kuphunzira mozama sasowa kopita: Seneca, yomwe kampasi yake ina ili mkati mwa York University, yakhala ikuphunzitsa zojambula ndi makatuni oyenda kwa zaka zambiri, kuphatikiza OCAD University m'tauni ndi Sheridan ku Oakville. Laibulale ya North York Central, pa Mel Lastman Square, ili ndi mabuku a makatuni ochuluka, ndipo khadi lake ndi laulere kwa aliyense wokhala kapena kuphunzira mu Toronto.

Poyambira pabwino si pa tebulo la madola mazana. Chaka choyamba mupite naye ngati oonera chabe, kaya ku Fan Expo kaya ku Anime North, yomwe imachitika mu Meyi chakufupi ndi bwalo la ndege la Pearson. Aone mitengo, afunse mafunso pamene ojambula apuma, aonetse kope lake kwa amene avomera kuliona. Akabwerako, mumupatse oda yoyamba inuyo: chithunzi cha agogo ake atakhala pakhonde kumudzi, mtengo mugwirizane, tsiku lomaliza mulembe pa kalendala ya kukhitchini. Akamaliza pa tsiku lake, mumulipire yonse, osanenerera. Pa chikondwerero chathu cha 6 Julaye matebulo amakhalapo ambiri, ndipo limodzi lingathe kuchoka pa mzere wa mandasi.