Kanema yemwe ankati akaulutsidwa, ndiye kuti wapita

Pa 1 Julaye 1941, masewero a baseball a pakati pa Brooklyn Dodgers ndi Philadelphia Phillies asanayambe, wailesi yakanema ya WNBT ku New York inaonetsa wotchi ya Bulova kwa masekondi ochepa. Kampaniyo inalipira madola 9 basi. Ilo ndilo tsiku lomwe boma la America linayamba kulola mawailesi akanema kutsatsa malonda, koma panthawiyo n'kuti nyumba zokhala ndi TV zili zongowerengeka. Pulezidenti Franklin Roosevelt anali ataonekera kale pa TV pa 30 Epulo 1939 potsegulira chionetsero cha New York World's Fair. Kenako nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inaimitsa ntchito yopanga ma TV.

Zinthu zinaphulika nkhondo itatha. Mu 1948, Lachiwiri lililonse madzulo anthu ankadzadzana m'nyumba za anzawo komanso m'mabala kuti aonere Milton Berle, katswiri wa nthabwala. Komabe chomwe ambiri sachiganizira lero n'chakuti pafupifupi zonsezi zinkaulutsidwa pompopompo. Tepi yojambulira zithunzi kunalibe. Wosewera akaiwala mawu, chitseko chikakana kutseguka, onse oonera ankaona limodzi. Magetsi a mu situdiyo nawo ankatentha moti anthu ankasewera thukuta lili kamukamu.

Njira yosungira pulogalamu inalipo, koma yachabechabe. Ankaimika kamera ya filimu kutsogolo kwa sikirini n'kujambula zomwe zikuonekazo. Chotulukacho ankachitcha kinescope, ndipo zithunzi zake zinali za mbuu. Popeza mawaya olumikiza kum'mawa ndi kumadzulo kwa dzikolo anali asanafike, anthu a ku Los Angeles ankalandira mafilimu a mbuuwo patapita masiku. Mbali ziwirizi zinadzalumikizana pa 4 Sepitembala 1951, pomwe Pulezidenti Harry Truman analankhula ali ku San Francisco n'kuoneka ku New York nthawi yomweyo.

M'chaka chomwecho kunabuka kamkangano komwe kanasintha zambiri. Wailesi ya CBS inkafuna sewero la Lucille Ball ndi mwamuna wake Desi Arnaz, lotchedwa I Love Lucy. Kampani ya fodya ya Philip Morris, yomwe inkalipira pulogalamuyo, inati lizichokera ku New York, chifukwa oonera ambiri anali kum'mawa ndipo sinkafuna kuti iwowo aziona za mbuu. Awiriwo anakana kusamuka ku California. Arnaz anati bwanji lijambulidwe pa filimu yeniyeni ya 35mm, ndi makamera atatu nthawi imodzi, pamaso pa anthu oonerera. CBS inadandaula za kukwera mtengo. Banjalo linavomera kudulidwa malipiro, koma linapempha chinthu chimodzi: mafilimuwo akhale awo.

Akuluakulu a CBS anavomera. Kunena zoona, sitingawaseke kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo ndani ankaganiza kuti munthu angakhale pansi kuonera sewero lomwe waliona kale? Seweroli linayamba pa 15 Okutobala 1951, ndipo wojambula wake anali Karl Freund, mkhalakale wa mafilimu a ku Germany, yemwe anakonza magetsi mwakuti makamera onse atatu azitulutsa chithunzi choyera. Ball atakhala woyembekezera, magawo ena akale anabwerezedwa, ndipo anthu anaoneranso osanyinyirika. Pa 19 Januwale 1953, gawo lomwe Lucy akupita kuchipatala kukachira linaonedwa ndi anthu pafupifupi 44 miliyoni, kuposa omwe anaonera kulumbiritsidwa kwa Pulezidenti Dwight Eisenhower tsiku lotsatira. Mu 1957 CBS inagulanso mafilimu aja, omwe inawataya mosavuta, pamtengo woposa madola 4 miliyoni.

Tsoka linagwera DuMont, wailesi yomwe inkapikisana ndi NBC ndi CBS. Kumeneku n'komwe Jackie Gleason anayambira timasewero ta The Honeymooners, ndiponso n'komwe ana ankaonera Captain Video. Inatsekedwa mu 1956, chaka chomwe kampani ya Ampex inatulutsa makina ojambulira pa tepi. Ena mwa mafilimu a DuMont anawonongedwa n'cholinga chochotsamo siliva. Mu 1996, mayi wa zisudzo Edie Adams anauza nthambi yosunga mabuku ya Library of Congress kuti otsalawo ananyamulidwa m'malole atatu n'kukatayidwa m'madzi a Upper New York Bay kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mwa mapulogalamu zikwizikwi omwe DuMont inaulutsa, lero kwatsala mazana ochepa chabe.

Tepi nayo sinapulumutse zonse. Inali yokwera mtengo, choncho mawailesi ankafufuta zakale n'kujambulapo zatsopano. N'chifukwa chake magawo ambiri a zaka khumi zoyambirira za Johnny Carson pa The Tonight Show, kuyambira mu 1962, kulibenso.